Tsiku Limene Amayi Anakhalira Chubu

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, amuna anga anayamba kuweta nsomba m'nyumba. Anzanga anakwatiwa ndi oweta mbuzi, ena oweta nkhunda. Ine ndinapeza munthu woweta ndiwo n'kumangoziyang'ana.

Kwawo kunali ku chilumba cha Chisi, msodzi mwana wa msodzi, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini kwathu, kufupi ndi mtsinje wa Likangala. Nyanja ili ndi madzi palibe ankawanena. Ankafika ndi dengu la matemba, amayi anga n'kumadya osafunsa kuti mkamwiniyu amalima kapena ayi. Koma madzi ataphwa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi pamatope ong'ambika, zinaonekera poyera kuti bambowa ndi khasu sankadziwana. Mizere yawo inkakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa.

Panali azungu ena amene ankayeza madzi a m'nyanjamo, ndipo amuna anga ndiwo ankawapalasira bwato. Pochoka anawasiyira bokosi lagalasi, batire ya galimoto ndi kamakina kong'ung'udza. Kamakinako kankakankha mpweya kudzera m'kapaipi, thovu n'kumatumphuka m'madzi kuti nsomba zipume. Munthu wanzeru akanagulitsa zonsezo n'kugula chimanga. Iwo anapita pathamanda lotsala mumtsinje, anatolapo tiana ta nsomba za makumba, n'kudzatiika pabalaza pathu. Ankati imeneyo ndi mbewu, madzi akadzabwera adzaibwezera m'nyanja. Ndinawafunsa ngati nyanjayo inachita kuwatuma. Iwo anali kalikiliki kupukuta galasi ndi mpango wanga wa kutchalitchi.

Amayi anga Mulungu sanawamane thupi. Ngakhale chaka cha njalacho anthu tonse tinaonda, iwo anangotsika pang'ono m'masaya. Monga mwa mwambo, iwo ndi mkamwini wawo ankathawana. Akakumana panjira, wina ankalowera kutchire. M'nyumba mwathu amayi anali asanapondemo, ndipo chikwatirire changa awiriwa anali asanalankhulanepo pamaso. Koma musaganize kuti amayi ankasowa ponenera. Tinali ndi galu wathu wowonda, ndipo amayi ankaima pakati pa bwalo n'kumamuuza galuyo mokweza kuti anthu ena m'mudzi muno akuphikira nsomba gaga pamene ana akugona ndi njala. Galuyo anamva zambiri pa moyo wake.

Tsiku lina amayi anandiitana kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu. Anandiuza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo uyu aterereka posachedwa. Amalume anali atawakhazika pansi kuti adikire kaye, poti mwina mbewu ya mkamwiniyo ili ndi mutu. Ndiye anagwirizana chimodzi: nsombazo zikangofa, aitana ankhoswe, mwini wake atsatire madzi kumene anapita. Ndinachita mantha kwambiri. Amuna angawo ndinkawafuna, ndi mizere yawo yokhotayo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kusuzumira m'galasimo kuposa eni ake.

Vuto linali magetsi. Batire tinkakaitchaja kuchigayo, kumene injini inkayatsanso mababu. Koma chaka chopanda chimanga ndani amapita kuchigayo? Injini inkalira lero, mawa zii, mkuja zii. Lachisanu mwini wake ankatseka n'kupita kumzikiti. Batire ikatha kamakina kankangoti ziii, ndipo pasanapite nthawi makumba onse ankakwera pamwamba n'kumayasamula tikamwa.

Tinayesa zambiri. Tinkatunga madziwo ndi chikho n'kumawathira kuchokera m'mwamba mpaka mkono kuuma. Tinkauzira m'kapaipi ndi pakamwa, ndipo ine ndinagwapo ndi chizungulire. Kenako amuna anga anapempha chubu chakale cha thirakitala kusikimu ya mpunga, anachimata zigamba, n'kuchipopa ndi pampu ya njinga. Anamangirira kapaipi kaja pakamwa pa chubucho, n'kukafinya ndi luzi kuti mpweya uzituluka pang'onopang'ono. Zinatheka ndithu, koma chubu chikayamba kuphwa chinkafuna cholemera pamwamba. Mwala unkagubuduka. Chimene chinkagwira bwino ntchito ndi matako a munthu.

Choncho m'nyumba mwathu mpando wa alendo unali chubu. Ine ndinkasenda chinangwa ndili pomwepo. Akulu a mpingo atabwera kudzatichezera tinawakhazika pomwepo osawauza kanthu, ndipo poti ankapemphera akudzigwedeza, tsiku limenelo nsomba zinapuma kuposa masiku onse. Chubucho chinkalira mochititsa manyazi munthu akasuntha, koma onse tinangotsinzina mpaka ameni.

Ndiye kunabwera uthenga woti nduna ikubwera kudzaona sikimu. Ayufi, anyamata a chipani aja, anazungulira khomo ndi khomo m'mamawa: amayi kukavina, abambo kukaomba m'manja. Batire inali itatha dzulo lake. Koma ndani akanauza ayufi kuti pepani, lero sindipita, ndikukhalira chubu? Munthu akanakakhalira kwina kumene kulibe chubu. M'mudzi munkatsala odwala okha, ndipo amayi anga anali ndi mwendo umene unkatupa nthawi iliyonse kukamveka za msonkhano. Amuna anga anapopa chubu mpaka kuuma gwa, anagonekapo mtondo, anautchinjiriza ndi njerwa, ndipo tinanyamuka.

Nduna inachedwa, monga zinkachitira nduna zonse. Tinaimba nyimbo zonse zimene tinkadziwa, n'kuyambiranso. Dzuwa linatiwamba. Ine miyendo inkavina koma mtima unali pabalaza, ndipo ndikacheuka ndinkaona amuna anga akuomba m'manja nkhope italoza kumudzi. Nduna itafika inatiuza kuti m'dziko muno mulibe njala, ife n'kululutira ndi m'mimba mopanda kanthu. Atatimasula dzuwa litapendeka, awirife tinathamanga ngati taba.

Ndinayamba kulowa ndine. Mtondo unali pansi. Pachubu panali amayi anga, miyendo tambalale, thukuta lili kamukamu, ndipo pambali pawo panali mbale yopanda kanthu. Chubu chinali chitatsala pang'ono kuphweratu, moti anali atachipinda pawiri n'kukhalira popindapo. M'galasimo thovu linkatuluka pang'onopang'ono, makumba akusambira ngati palibe chachitika.

Nkhani ya mbaleyo anadzandiuza okha patapita masiku, osachita nayo manyazi. Anamva chinthu chikugwa m'nyumba mwathu, anasuzumira, n'kuona nsomba zonse zili pamwamba kuyasamula. Anati basi, Mulungu wayankha. Anakatenga mbale, analowa, n'kufuna pokhala kuti adikire bwino zife zokha, asadzanenedwe kuti anapha ndi iwo. Pokhala pamene anapaona ndi pachubu. Atangoti khu, madzi anawira thovu, nsomba zija n'kutsitsimuka iwo akuona. Anadzuka, thovu linaleka. Anakhala, linayambanso. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanangodzuka n'kumapita. Anati mwendo unkawapweteka. Ndinawakumbutsa kuti mwendowo unali wa msonkhano, iwo anandiuza kuti ndilibe ulemu.

Koma tsiku lija panalibe nthawi yofunsana. Amuna anga anafika pakhomo wefuwefu, anaona apongozi awo ali pabalaza, n'kubwerera chambuyo kuti athawe. Amayi anakoka nsalu kuphimba kumaso, anayamba kudzuka kuti nawonso athawe, thovu n'kuleka pomwepo. Anakhalanso. Anaunguza uku ndi uku, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna galu, koma galuyo anali atatitsatira kumsonkhano ndipo anali asanabwere. Ine ndinali pomwepo, akanatha kutuma ine. Sanatero.

"Bambo," anatero ali chiphimbire, "mwaimiranji pamenepo? Tengani pampu. Mpweya watha, ndipo ine matako achita dzanzi."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene amayi anga analankhula kwa amuna anga. Bambowo analowa chokwawa, maso pansi, n'kuyankha kuti, "Zikomo, amayi." Amayi anatsetserekera pamphasa n'kuyang'ana kukhoma, koma sanatuluke. Amuna anga anapopa, chubu chinakwera, ndipo amayi anabwererapo osapemphedwa. Ine ndinatola mbale ija n'kupita nayo panja, chifukwa misozi inali itayamba kunditsika ndipo sindinkafuna kuti aione.

Ankhoswe sanaitanidwe. Madzi atabwerera, nyanja inadzaza yokha ndi nsomba zochokera m'mitsinje, osadikira mbewu ya munthu. Amuna anga anakathiramo makumba awo mwaulemu wonse, ndipo palibe anawathokoza. Amayi mpaka imfa yawo ankanenabe kuti mkamwini wawo sadziwa kulima, ndipo sankanama.

Koma miyezi yonse ija madzi asanabwere, chigayo chikangokhala chete, tinkamva mawu pakati pa bwalo akulankhula ndi galu: "Iwe, kauze mbuyako apope. Ndikubwera."