Chaka Chomwe Tinazula Chinangwa Chosakhwima

Chitseko cha kuchipinda kwathu chinali cha matabwa atatu, chobiriwira. Chaka chomwe ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, amayi anachizula n'kuchisanjika pa njerwa kuti pazigona akazi a malume, amene anali ndi pakati.

Malume anafika mvula itangoyamba, kuchokera ku Likoma, iwo, akazi awo ndi ana anayi. Ankati kwawoko miyala yachuluka kuposa dothi, ndipo kamunda ka makolo anali atagawana anthu asanu ndi awiri. Anamva kuti mlongo wawo wamasiye ali ndi munda kutsidya kwa nyanja, ku Mbamba Bay komwe tinkakhala. Zoti mundawo unali wobwereka sanamve.

Ine ndinakondwa. Ndinali mwana mmodzi, ndiye mwadzidzidzi ndinapeza anzanga ogona nawo pamphasa, miyendo kupiringizana, nyumba yonse kununkha utsi ndi zovala zosauma. Sindinaone kuti amayi ayamba kumadya pomaliza, chiimire.

Malume ankalawirira kugombe kukapempha malo m'bwato. Mabwato anali atachuluka, usipa utachepa, ndipo mwini bwato aliyense anali ndi ana ake ofuna malo omwewo. Malume ankabwerako dzuwa lili pamutu osapeza malo, n'kukhala pakhonde, manja ali pamaondo. Masiku amenewo ndinkawaona ngati aulesi. Lero ndimachita manyazi ndikakumbukira.

Kenaka anabwera mwini munda, mkulu amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Sanali munthu woipa. Anavula chipewa, anakana mpando. Anayankhula m'Chiswahili, pang'onopang'ono: ana ake awiri abwerako ku tauni, ntchito yatha, ali ndi mabanja.

"Ndiwaike kuti, mama?" anafunsa.

Amayi anangoti, "Tamva, bambo."

Anatipatsa sabata ziwiri zoti timubwezere munda wake. Tinazula chinangwa chonse chisanakhwime, timizu tonga zala zanga, tothyoka tokha m'manja. Dothi lonyowa linkamata kumapazi. Amayi ankazula, thukuta likudontha pachibwano. Malume anati mwina tonse tibwerere kwathu.

"Kwathu kuti, achimwene?" anatero amayi osadzutsa mutu. "Si inu mwathawako?"

Lamulungu lotsatira, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina ananena mokweza kuti wageni, alendo, achulukitsa m'mudzi muno. Amayi anali atakhala kumeneko zaka khumi ndi ziwiri, ndipo manda a bambo anali kuseri kwa tchalitchi chomwecho.

Tsiku lomwe sitima yapanyanja yopita ku Likoma inafika, amayi anandisambitsa, anandiveka diresi la ku tchalitchi, n'kumanga zovala zathu m'chitenje. Sanauze munthu. Tinatsikira kudoko, tinakhala pamwala. Anthu ankakwera ndi matumba, nkhuku, matiresi. Ena ankatsika ndi katundu wofanana ndi yemweyo, maso ali mwazumwazu kufunafuna abale. Amayi anawayang'ana otsikawo nthawi yaitali, atandigwira dzanja mpaka linachita dzanzi.

Sitima inaliza, inanyamuka. Ife tinali pamwala pomwepo.

Amayi anasenza mtolo uja, tinakwera chitunda kubwerera kunyumba, komwe akazi a malume anali atayamba kubuula ndi ululu wa kubereka. Njira yonse ndinkadumphadumpha, kuwathokoza amayi, poti ine ndinkayesa anandiveka bwino n'cholinga chokandionetsa sitima.