Kope Langa M'belo la Fodya

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 6 kwathu ku Santhe, aphunzitsi a Chingerezi, a Mwale, anabwera ndi lamulo lawolawo. Aliyense akhale ndi kope la mawu: kumanzere liwu la Chingerezi, kumanja tanthauzo lake. Sukulu yonse inali ndi dikishonale imodzi, yothothoka chikuto, ndipo wopeza mawu ambiri pofika Lachisanu ankapita nayo kunyumba mpaka Lolemba. Ine mtima unali pomwepo, sindinama ayi.

Nanga mabuku tikanawapeza kuti? Mawu ndinkatola pa matumba a feteleza, pa mabotolo a mankhwala, ngakhale pa nyuzipepala yokulungira zitumbuwa, mafuta ali noninoni. Kope ndinkayenda nalo paliponse ngati mwana wakumsana.

Inali nyengo yodinda fodya. Tikaweruka, tonse tinkathera m'chigafa kusankha masamba, fungo likuyetsemulitsa, manja akuda ndi utomoni. Lachinayi lina ndinkasankha kwinaku ndikuloweza, kope lili pambali. Amayi atandituma kumjigo, ndinalilowetsa pakati pa mulu wa fodya kuti mbuzi zingalidye. Nzeru zanga zimenezo!

Pobwerako, nditachedwa pamzere wa madzi, mulu uja palibe. Ababa ndi amalume anali atauthira m'bokosi, aupanikiza ndi jeke, asoka chiguduli bwinobwino. Belo lili njo pakona, iwo akupukuta thukuta. Mawa Lachisanu, mawu anga onse ali m'kati, ndipo kuwauza ababa kunali kuwauza kuti aphwasule ntchito ya masana onse. Ndinalizungulira belo lija kawiri, kenaka ndinagwada.

"Ababa, kope langa lili m'menemo."

"M'mene muti?"

Ndinaloza ndi mlomo. Amalume anaseka mpaka kukhala pansi. Ababa sanaseke. Fodya akapezeka ndi zinyalala ku okushoni amabwezedwa, ndiye anangotenga mpeni n'kuyamba kudula ulusi. Kope linatuluka pakati penipeni, laphwatalala ngati alisita, masamba ake atasanduka ofiirira. Ababa analitembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana.

"Iwe Esinati, m'menemu muli liwu la munthu wosasamala?"

"Lilimo, ababa. Careless."

"Bwereza." Ndinabwereza. "Eya. Limenelo ndaligula ndi thukuta langa, ndi langa."

Ndipotu linakhaladi lawo. Nkhuku ikatayitsa madzi, keyalesi. Amalume akaiwala chipewa kumunda, keyalesi. Koma ine linandimatirira kuposa onse. Mawa lake a Mwale atatsegula kope lija anayetsemula katatu, kalasi yonse kuseka. Dikishonale ndinapita nayo ndithu, nditaikulunga m'chitenje cha amayi, ndipo ababa analamula kuti isayandikire chigafa.

Lero mwana wanga akakumana ndi liwu lachilendo amangofunsa foni, tanthauzo labwera asanatseke pakamwa pomwe. Zili bwino, sindimuchitira nsanje, ngakhale mawa lake amakhala waiwala. Chigafa chija chinagwa kalekale, pamalopo achimwene amadzala soya, ndipo ababa anatisiya. Ndimawasowa kwambiri. Ndine mayi wamkulu tsopano, namwino pachipatala cha paboma, koma wina akangonena kuti careless m'wodi, ndimacheuka msangamsanga ngati andiitana dzina.