Kapu Yondisungira Padera

Ndili m'tchalitchi mwathu tsiku la Mgonero, koma mabenchi onse ayang'ana kwa ine, osati kuguwa. Abusa akuti asanagawe mkate, aliyense agwirane chanza ndi amene anamulakwira. Palibe amene akudzuka kupatula Mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi a mumpingo. Akubwera choyenda ndi mawondo, duku lawo loyera likukwekwereka pansi.

"Achemwali, ndakukhululukirani," akutero.

"Kodi ndinakulakwirani chiyani, mayi?"

Mpingo wonse ukuyankha kuti ameni. Dzanja lawo ndi lonyowa, ndipo sakundisiya. Kenako tili kukhitchini kwawo, kwaya ikuimbira pawindo. Timakapu ta vinyo tili palichero, koma kanga akukatulutsa m'chitenje mwawo, kofunda kale, kovundikira ndi tsamba la mango.

"Imwani, takupemphererani kale."

Anthu onse akupemphera atatsinzina diso limodzi lokha. Abusa nawonso.

Ndadzuka kutulo kapu isanafike pakamwa. Ndiye lero masana mapemphero a amayi ali kwa Mayi Nachisale, ndipo dzulo anandiuza kuti thobwa langa andisungira padera.