Mabwalo Atatu a Timu Yathu

Pa zaka zimene ndinkayendetsa basi ya timu ina ya basiketibolo ku Dubai, timuyo inasamuka kawiri, ndipo pa kusamuka kulikonse mpando wanga unkatalikirana ndi masewero.

Bwalo loyamba linali ku Al Qusais, pakati pa nyumba zosungiramo katundu. Linali lakale, makina ake oziziritsa mpweya ankabuula ngati wodwala, ndipo chakungodya kunali thabwa lofooka pamene mpira sunkadumpha bwino. Osewera athu ankalidziwa thabwalo, moti ankakankhira adani kumeneko mwadala. Ine ndinali ndi mpando wapulasitiki kumbuyo kwa mphunzitsi wa timu, pambali pa mabotolo a madzi. Palibe amene anandipatsa mpandowo, palibenso amene anandiletsa. Nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ikakwana, tinkayala mikeka pambali pa bwalo, dalaivala ndi kaputeni phewa ndi phewa.

Bwalolo litagulitsidwa, tinabwereka holo ku Dubai Sports City. Pansi pake panali mizere ya masewera osiyanasiyana, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, kotero kuti mlendo sankazindikira malire. Ochemerera athu, amene ambiri anali antchito odalira sitima ya Metro, analeka kubwera chifukwa sitimayo siinkafika kumeneko. Malo okhala timu anali ochepa, choncho anandikweza kumipando ya oonerera. Ndinkakhala ndekha mzere wonse, ndikumvetsera kulira kwa nsapato pamatabwa. Sindinadandaule, pakuti masewero ndinkawaonabe.

Kenaka tinasamukira kubwalo latsopano cha ku Al Furjan, lagalasi lokhalokha. Tsiku loyamba, nditatsitsa osewera ndi kuimika basi, ndinavala jekete langa n'kulunjika pakhomo. Mlonda wa pamenepo anali bambo wa ku Zambia.

"Ba mudala, khadi ili kuti?" anandifunsa.

"Ndine woyendetsa basi ya timu. Ndakhala nayo kuchokera ku Al Qusais."

"Olo kuchokera ku Chipata! Kulibe khadi, kulibe kungena. Khalas, nkhani yasila. Madilaiva bonse bankala panja."

Kaputeni wathu, munthu wamtali wowerama pakhomo lililonse, anamva zimenezi. Anandigwira paphewa nati, "Habibi, m'bale wanga, khadi lipezeka sabata yamawa, inshallah, Mulungu akalola." Ndikhulupirira kuti ananena ndi mtima woona. Koma makhadi ankaperekedwa ndi kampani yoyang'anira bwalolo, ndipo kampaniyo inkadziwa osewera, madokotala ndi atolankhani okha.

Nyengo yonse ya masewero ndinaithera m'basi, injini ili chilirire kuti makina oziziritsa mpweya azigwira ntchito, ndisapse ndi kutentha. Zotsatira ndinkazidziwa poona kakweredwe ka osewera: akapambana ankamenya denga la basi, akagonja aliyense ankatseka makutu ndi nyimbo zake.

Pa masewero omaliza ndinagula tikiti monga munthu wina aliyense. Mlonda uja anaitembenuza, naseka, nati, "Lelo mwangena monga bwana. Yalla, ngenani!" Mpando wanga unali pamwamba penipeni. Osewera ankaoneka aang'ono, koma aliyense ndinkamuzindikira ndi kathamangidwe kake. Akutenthetsabe thupi, foni yanga inalira. Anali mkulu woyang'anira maulendo a timu. Achitetezo, iye anatero, salola kuti basi iime popanda dalaivala wake. Ndikapanda kubwerera msanga, aikoka.

Ndinapempha njira kwa anthu a pamzerewo, mmodzimmodzi, ndi kutsika masitepe. Mluzu woyambira unalira ndili m'khonde. Sindinacheuke, ndipo m'bwalo limenelo sindinalowenso mpaka pamene ndinasiya ntchitoyo.