Thadzi Lomwe Linameza Timipira ta Njinga ya Wimalasiri

Wimalasiri ndi mnansi wanga, wogulitsa nsomba, ndipo fungo lake limafika pakhomo panu mwiniwake asanakhote pakona. Chiyambire unyamata wake amapalasa kuchoka kudoko la Mirissa kukwera kumidzi kuno, bokosi la nsomba kumbuyo, akukuwa ngati ng'ombe yosowa mwana. Miyendo yake ndi zitsa. Za mutu wake tisakambe.

Njinga ali nazo ziwiri. Yakuda ya nsomba ndiyo imadyetsa banja. Inayo ndi yampikisano, yowonda ngati udzudzu, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Anamutumizira ndi mlamu wake wa ku Italy. Imeneyo imagona kuchipinda, pomwe ine munthu wamkulu ndikapita kukacheza amandikhazika pakhonde.

Mpikisano wa njinga wa Chaka Chatsopano sanauphonyepo, koma sanapambanepo. Mkazi wake Kusumalatha anafika potopa.

"Bambo a Nilanthi, imvi zafika mpaka m'makutu. Chaka chino mukalepheranso, kanjingako ndizikayanikapo zovala."

Ndiye khosi la njingayo linasankha nthawi yomweyo kudwala. Akagwira buleki yakutsogolo, gwede! Akati akhote, mahandulo akukakamira pakati. Chonsecho njira ya mpikisano imatsika mtsetse wa kukachisi n'kukakhota pamlatho, pomwe amuna ambiri anasiya mano.

Tsiku lomaliza la chaka anakhala pabwalo, n'kumasula khosilo, n'kusolola foloko. Timipira tachitsulo ta m'khosimo tinali touma, tadzimbiri, ndipo tinangoti balala pansi. Pomwepo belu la kukachisi linalira: chaka chakale chatha, chatsopano sichinalowe. Pakati pamenepo sitikoleza moto, sitidya, sitigwira ntchito, ngakhale kutola singano.

Wimalasiri anayamba kuwerama.

"Mukhudze muone!" anakuwa Kusumalatha ali pakhomo. "Mutiitanire tsoka la chaka chathunthu chifukwa cha tinthu tonga manyi a khoswe?"

Anawongoka, manja kumbuyo. Koma nkhuku sizipita kukachisi. Thadzi lawo lofiira linabwera mwaulemu wake, kuyang'ana ndi diso ili, kuyang'ana ndi linalo, n'kuyamba kujompha.

"Akulu, lithamangitseni!" anandinong'oneza Wimalasiri ndili kumpanda.

"Ine? Kuthamangitsa nkhuku ndi ntchito, mphwanga. Ine ndine munthu wopembedza."

Tinaliyang'ana likumeza mpaka litakhuta. Masitolo anali otseka sabata yonse, mpikisano mawa lake. Mwamuna uja anakhala pamtondo ngati wafedwa.

Makombola olengeza chaka chatsopano ataphulika, moto unayaka m'makhitchini, ndipo inakwana nthawi ya ntchito yoyamba ya chaka. Owerenga nyenyezi anati chaka chimenecho tivale zofiira, tiyang'ane kummwera pogwira ntchitoyo. Ena anabzala mbande, ine ndinadula kanthambi n'kupuma. Wimalasiri anatuluka ndi malaya ofiira akukoka njinga ya nsomba.

"Imeneyo ndiye imatidyetsa!" anatero mkazi wake.

"Mayi a Nilanthi, sabata ino kunyanja kulibe wopita. Ipume, ithandize mng'ono wake."

Anaichotsa timipira take, tonyezimira, poti njinga ya nsomba amaipaka girizi pafupipafupi kuopa mchere. Anatitsuka m'palafini, anapukuta timbale ta m'khosi la yampikisano, anapakamo girizi wambiri, n'kumatikhazika kamodzikamodzi ngati akuyala mazira. Nkhope kummwera basi. Sipanala itagwera kumbuyo kwake anakana kutembenuka, akungopapasa ngati wakhungu. Kusumalatha anaitola n'kumuponyera pamiyendo.

"Mangani bwino. Ndikachite manyazi kumlatho ine?"

Anamanga, anabweza pang'ono, anagwira buleki n'kugwedeza: zii. Ananyamula tayala lakutsogolo, mahandulo n'kugwera okha uku ndi uku ngati khosi la mwana wogona. Ndipamene anadya mpunga wake wa mkaka wa kokonati, utazizira kale.

Mawa lake ndinakhala pamlatho, poti ndimakonda kuona anthu akugwa. Anyamata atatu anatsika mtsetse ali patsogolo, zovala zothina ngati achule. Pakona onse anagwira mabuleki. Kumbuyo kwawo kunatulukira malaya ofiira. Wimalasiri sanagwire kanthu, anangopendeka, njinga n'kukhota yokha ngati ikudziwa kwawo, ndipo anawadutsa mkati akukuwa mfuu yake ya nsomba. Amayi ena anathamangira mbale mwachizolowezi. Kusumalatha anaponya ambulera m'mwamba, inakagwera mumtsinje.

Anabwera kunyumba atamunyamula pamapewa, ndi mphoto za wopambana: mkoko wa nthochi ndi fani yamagetsi.

Masitolo atatsegula, njinga ya nsomba inalandira timipira tatsopano. Yampikisano ikugonabe kuchipinda, sinayanikidwepo ngakhale mpango. Thadzi lija analetsa kulipha, akuti linamuchotsera zowola, ndipo ine ndikulumbira kuti likathamanga limalira ngati belu. Ineyo ndikadali wapakhonde, koma kukatentha amandilozetsera faniyo pazenera.