Cholembera cha Mtengo wa Nachesi

Ndinayamba kusema zolembera nditatopa ndi mipando. Makina ozunguza mtengo ndinawaika kuseri kwa nyumba yanga ku Lisungwi, pansi pa malata otentha ngati chiwaya. Ogula anali anamwino ndi aphunzitsi. Ntchito yake ndi yaing'ono koma njopsetsa mtima. Umaboola kamtengo pakati, n'kumatamo kachubu kachitsulo ndi guluu, kenako n'kusema mpaka mtengo utatsala wopyapyala ngati chikhadabo. Ukangophonya pang'ono, zathera pomwepo. Masiku oipa ndinkawadziwa: magetsi azima ntchito ili pakati, tchizulo yabuntha, dzanja lalemera. Tsiku lotero ndinkasiya zonse n'kupita kukathirira tomato kudimba.

Chaka china mayi wina wamasiye anatsika kuchokera ku Nsambe atakulunga kanthambi m'chitenje. Anati n'ka mtengo wa nachesi umene malemu amuna awo anadzala mwana wawo wamkazi atabadwa. Mtengowo unagwa ndi mphepo, anthu n'kuwaza nkhuni, iwo n'kupulumutsako kameneko basi. Mwanayo ukwati wake unali Loweruka la sabata yotsatira, ndipo mayiwo ankafuna kuti akasaine m'buku la kutchalitchi ndi cholembera cha mtengo wa bambo ake.

Kanthambiko kanali ndi mzere wakuda m'litali mwake, ngati munadutsa dzimbiri. Nditayeza, munatuluka tizidutswa tiwiri tokha. Ndinawauza kuti asade nkhawa.

Mmisiri aliyense wa kuno amadziwa kuti mtengo wa kumtunda ku Nsambe kuja, kwa nkhungu ndi chisanu, umatsika ndi madzi m'kati. Inenso ndinkadziwa. Koma kunja kwake kunkaoneka kouma, ndipo masiku anali atachepa. Kachidutswa koyamba ndinakasema bwinobwino, kanatuluka kachikasu, kosalala, mzere uja ukuonekera chammbali. Ndinakasiya pawindo. Dzuwa la ku Lisungwi silichita manyazi. Pofika masana a mawa lake, kanali katang'ambika kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Ndinakaponya m'zipalapala pansi pa tebulo.

Apa ndiye ndinayenera kupita ku tomato. Sindinapite. Ndinakwiya, ndipo ndi mkwiyo womwewo ndinamanga kachiwiri pamakina. Amati kuthamanga si kufika, koma ine ndinathamanga. Tchizulo inakola pa mfundo, kamtengo kanaphulika, zibenthu n'kumwazikira mpaka pakhomo.

Kenako ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinatola chidutswa chouma cha malaina, mtengo woyera bwino, n'kusema cholembera china. Ndinadziuza kuti mtengo ndi mtengo, ndani angasiyanitse utapakidwa vanishi? Chinatuluka chokongola kuposa zonse zimene ndinasemapo chaka chimenecho.

Lachisanu mayi aja anafika. Anachilandira ndi manja awiri, n'kuchitembenuza pang'onopang'ono, kawiri, katatu.

"Kodi bambo, mzere wakuda uja uli pati?"

Ndinati unachoka posema.

"Sukanachoka. Unalowa mpaka pamtima. Mpamene malemu anakhoma msomali wokolekapo wailesi."

Ndinalibe pothawira. Ndinafotokoza zonse, za dzuwa, za mfundo, za malaina. Sanakalipe, ndipo kukalipa kukanandipepukira. Anangofunsa ngati chong'ambika chija ndinachitaya. Ndinagwada pansi pa tebulo n'kufukula m'zipalapala mpaka ndinachipeza. Anafunsa ngati chingalembe. Ndinachilumikiza zitsulo zake iwo akuyang'ana, n'kuyesa pakatoni. Chinalemba.

Cha malaina chija anachiika patebulo panga, nati ndigulitse kwa amene sachidziwa. Chinacho anayamba kuchikulunga m'chitenje chomwe chija. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono, nditseke mng'aluwo ndi guluu wosakaniza ndi utuchi, kuti kuukwati usakaoneke.

"Ayi, chisiyeni choncho," anatero uku akumanga mfundo. "Mwakonza kale zokwanira."