Chaka Chimene Achemwali Anaphunzira Kudzitama

Linali Loweruka loyamba la Juni 1996, cha m'ma sikisi koloko m'mawa. Fungo la paini wonyowa ndimalimvabe mpaka lero. Ine ndi achemwali anga a Esinati tinali titakwera phiri kuchokera ku Zakazaka kukatola nkhuni, nkhungu itaphimba tauni yonse kumunsi. Ndinali mu Sitandade 5.

Tisanamange mitolo, achemwali anandikhazika pa chitsa. "Lero ndiwe mzungu. Undifunse kuti, tikutengereni chifukwa chiyani?"

Anali atakhoza bwino Fomu 4, ndipo yunivesite ina ya ku Ulaya inafuna kuwafunsa mafunso pa telefoni ya kuparishi. Aphunzitsi awo anawachenjeza kuti malo a ophunzira akunja ndi ochepa, ndipo kumeneko wodzichepetsa samuona. Koma kwathu munthu sadziyamikira yekha. Ukatamandidwa umayang'ana pansi n'kunena kuti ndi Mulungu.

Tsiku loyambalo analephera kudzitama. Komabe nyengo yonse yozizira ija tinkakwera. Milomo itang'ambika ndi mphepo, utomoni utamata zala, iwo ankafuula pakati pa mitengo kuti pa masamu palibe wowaposa. Anyani ankangotiyang'ana.

Amayi ena otola nkhuni anamva, ndipo nkhani inatsika phiri ife tisanatsike. Amalume anafika kunyumba nkhope itakwinyika. "Mwana wamkazi kumadzitama m'tchire ngati woledzera? Adzakukwatira ndani?" Achemwali anagwada monga mwa ulemu, koma maso sanagwetse. "Amalume, ndanama pati?" Amalume anangotsokomola.

Telefoni ija achemwali anaiyankha mawu osanjenjemera. Nyengo yotentha itayamba, yankho linabwera: sanawatenge. Pampopi anthu anaseka, ena n'kumawatcha "a Ulaya". Madzulo ake achemwali anatsuka mbale, kenako anauza amayi kuti chaka chamawa ayesanso.

Ine ndinkaganiza kuti sanafuule mokwanira, kuti Ulaya ndi kutali, mawu anathera m'njira. Lero ndikudziwa kuti opempha malo anali ochuluka, ochokera m'maiko onse, ndipo ngakhale anzeru ankatsala. Koma panthawiyo zimenezo sindinkazidziwa.

M'mawa mwake ndinatenga ndowa kupita kumpopi. Ndinaima pamaso pa akuluakulu onse aja, n'kunena mokweza kuti pa masamu palibe angapose achemwali anga. Amayi anandikoka khutu mpaka kunyumba. Sindinapepese.